Nthenda imene imabisala m'kati mwa khomo la cibaliro

Azimai ambiri m'makomboni mwathu adziwa tsopano za kupimitsa khomo la cibaliro. Kucokera mu 2006 pamene nchitoyi inayamba m'makiliniki a mu Lusaka, anasi amapaka viniga pakhomopo, ndipo pamene paonongeka pamayera. Kawiri-kawiri amatenthapo kapena kuumitsapo ndi mpweya wozizira tsiku lomwelo, mai n'kubwerera kunyumba.

Koma pali mtundu wina umene sumva njira imeneyi. Khomo la cibaliro lili ndi kanjira kopapatiza kolowa m'kati, ndipo khungu la m'kanjiramo ndilo limatulutsa timadzi tonanda. Khunguli nalonso limaonongeka. Madotolo amacha nthendayi adenocarcinoma in situ, mwacidule AIS. Siinakhale kansa, koma ikasiyidwa ingathe kusanduka kansa. Imadza ndi kalombo ka HPV, maka-maka mitundu 16 ndi 18, kamene anthu amapatsirana pogonana. Kalomboka kamakhala m'thupi zaka zambiri mwakacetecete, conco kulozana zala panyumba kuti anabweretsa ndani n'kutaya nthawi cabe.

Nthendayi siipweteka, ndipo popeza ili m'kati, viniga nthawi zina saionetsa. Nthawi zinanso imamera apa ndi apo, pakati n'kusiya khungu labwino. Moto kapena kuzizira sikufika konseko. Ndiye cifukwa cake dotolo amadula kacidutswa kooneka ngati fanelo, mwina ndi kawaya ka magetsi kochedwa LEEP, mwina ndi mpeni ku fiyeta mai atagonekedwa. Bungwe la WHO m'malangizo ake a 2021 linavomereza njira zonse ziwiri. Kacidutswako kamapita ku labu.

Apa ndiye pagona nkhani. Mukabwerera kukamva zotulukapo, funsani kuti: "Adotolo, kodi m'mphepete mwa kacidutswa kaja munali moyera?" Kafukufuku wa mu 2009 amene anasonkhanitsa mbiri za azimai 1,278 anapeza kuti pamene m'mphepete munali moyera, nthendayi inabwerera kwa azimai pafupi-fupi 3 mwa 100 alionse. Pamene munatsala nthenda, inabwerera kwa 19 mwa 100. Conco akakuuzani kuti adulenso, sikuti analakwitsa poyamba. Ndiyo njira yake.

Kwa mai amene anatsiriza kubala, madotolo ambiri amalangiza kucotsa cibaliro conse, cifukwa ngakhale m'mphepete muyere, ina ingatsalire kumtunda kwa kanjira kaja. Azibambo amve bwino apa: cibaliro cikacoka kusamba kumatha, koma za m'nyumba zimapitirira monga kale. Mai amene akali kufuna ana angasunge cibaliro cake ngati m'mphepete munayera, ndipo ambiri amatenga mimba n'kubala. Kokha kuti khomo lodulidwa nthawi zina limatseguka masiku asanakwane, motero auze anasi za opaleshoniyo tsiku loyamba la sikelo.

Akakudulani, pewani kugonana milungu inai kapena monga akuuzirani. Magazi akaculuka, kapena kukatuluka zonunkha ndi thupi kutentha, thamangirani ku cipatala.

Cimene cimabvuta ambiri ndi zaka zotsatira. Munthu amva bwino, ndalama ya basi ibvuta, khadi n'kuiwalika m'sutukesi. Komatu nthendayi ingabwerere patapita zaka zingapo. Malangizo a ku America a mu 2019 amati wosunga cibaliro apimidwe miyezi 6 iliyonse kwa zaka zitatu, kenaka kamodzi pa caka kwa zaka ziwiri, ndipo pambuyo pake asaleke kwa zaka 25. Cipimo ca HPV ndico cimathandiza kwambiri: kalombo kakapanda kupezeka, mwai woti nthenda ibwerere ndi wocepa. Azimai amene ali ndi HIV ayenera kusamala koposa ndi kumwa ma ARV mosadumphitsa, popeza kansa ya khomo la cibaliro imawagwira kowirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa anzao.

Mukasamuka, kaya kupita ku Chipata, ku Katete kapena kumudzi, nyamulani khadi pamodzi ndi pepala la ku labu, mukaonetse pa kiliniki yatsopano.