PRAY NDI PREY: MAU AWIRI OMVEKA CIMODZIMODZI

Mwana wa sukulu akamva mphunzitsi akuchula mau a Cingelezi akuti "pray" ndi "prey", khutu lake silingathe kuwasiyanitsa. Amamveka cimodzimodzi, ndipo polemba amasiyana ndi cilembo cimodzi cokha. Komabe mau awiriwa sali pa cibale.

Liu lakuti "pray" litanthauza kupemphera. Linalowa m'Cingelezi kupyolera m'Cifalansa cakale, kucokera ku liu la Cilatini lakuti "precari", ndiko kuti kupempha modandaulira. Nalonso "prey" linadzera njira ya Cifalansa, koma gwero lake ndi "praeda", kutanthauza zofunkha za kunkhondo. Lero limanena nyama yogwidwa ndi cilombo, monga mwanapiye m'zikhadabo za kabawi, ndiponso mcitidwe wodyera masuku pamutu anthu ofooka.

Pali kacilombo kamodzi kamene kamaonetsa zonse ziwiri. Angelezi anacha ciswamphika dzina lakuti "praying mantis" cifukwa cimapinda miyendo yake yakutsogolo ngati Mkristu wogwada pa Misa. Koma miyendo yomweyo ili ndi minga, ndipo ciswamphikaco cimakhala cikudikira kuti cigwire tizilombo tinzake.

Ambuye Yesu anawadziwa anthu a mtundu umenewu. Pa Marko 12:40 anadzudzula aphunzitsi a Malamulo amene ankacita mapemphero ataliatali kwinaku akulanda nyumba za akazi amasiye.

Kodi ife sitinazionepo zotere? Pa maliro acibale a malemu amacezera usiku wonse akuimba ndi kupemphera pamodzi ndi a mphakati. Tikangocoka kumanda, ena mwa iwo amayamba kutulutsa mipando, mbale ndi makina osokera, kusiya mai ndi ana pa mphasa. M'caka ca 1989 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo la cuma ca munthu womwalira osasiya wilo: pa magawo 100 alionse, ana analandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene malemu ankawasamala 10. Koma lamulo silingagwire nchito ngati ife ocezera maliro tikhala cete.

Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Conco, abale ndi alongo, pamene tipinda manja pa siwa, tiyeni tidzifunse ngati mawa manja omwewo adzathandiza wamasiye kulima munda wake kapena adzanyamula katundu wake.