Nandolo Wathu, Maphikidwe a Kummwera kwa India

M'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, malole odzaza ndi matumba a nandolo amalowa mu Limbe kuchokera ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba. Nandolo wochuluka mwa ameneyu sadyedwa m'dziko muno. Wina amamuchotsa makoko m'mafakitale a mumzinda wa Blantyre, wina amamutumiza osasenda, ndipo ulendo wake umadzera padoko la Nacala kapena la Beira mpaka kukafika ku India. Kumeneko nandolo ndiye ndiwo ya tsiku ndi tsiku ya anthu osauka ndi olemera omwe.

Kugulitsa mbewu si kulakwa, pakuti pakhomo pafunika sopo, mchere ndi ndalama za sukulu. Choipa ndicho kugulitsa nandolo yense, ana n'kutsala akudya nsima ndi masamba okhaokha. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno, ana 37 adali opinimbira. Ndiponso msika wakunja sudalirika. M'chaka cha 2017 boma la India lidachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake, mitengo idagwa, ndipo alimi ambiri adasowa kogulitsa. Mu 2021 maboma awiriwa adapangana kuti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka 5. Mitengo imakwera ndi kutsika, koma nandolo amene mwasunga m'nyumba sasintha ntchito yake m'thupi la mwana.

Tiphunzire kwa amene amagula

Amwenye adayamba kukhala m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ambiri mwa amalonda amene adamanga masitolo mu Blantyre ndi mu Limbe adachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, ndipo kwa iwowa tidaphunzira samusa ndi chapati. Koma India ndi dziko lalikulu. Kummwera kwake, m'zigawo za Tamil Nadu, Kerala, Karnataka, Andhra Pradesh ndi Telangana, maphikidwe ndi ena. Kumeneko kumatentha monga kwathu kuno, ndipo zimene amaika mumphika ndi zomwe timazidziwa: mpunga, mawere, nandolo, mphodza, maungu, therere lobala, mabiringano, bwemba, mtedza ndi cham'mwamba.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Nzeru ya anthu amenewa ndi yakuti sadya mpunga pawokha; kawirikawiri amauphatikiza ndi chakudya cha mtundu wa nyemba. Madokotala amavomereza nzeru imeneyi. Zomanga thupi za mu mpunga ndi mu chimanga nzoperewera, koma chimene chikusowa m'menemo chimapezeka mu nandolo. Pa magalamu 100 a nandolo wouma, magalamu opitirira 20 ndi zomanga thupi. Motero banja limene silingathe kugula nyama kawirikawiri lingathe kulera ana athanzi ngati liphatikiza zakudya ziwirizi.

Choyamba: kupera nandolo

Nandolo wochotsa makoko ndi kugawika pakati Amwenye amamutcha dhal. Amagulitsidwa m'mapaketi m'masitolo a mu Limbe ndi mu Blantyre, koma palibe chifukwa chotayira ndalama za basi. Amayi amene amadziwa kukonza chipere akudziwa kale ntchito imeneyi.

Sankhani nandolo wabwino, muchotse miyala ndi wofumbwa. Mviikeni m'madzi kwa maola angapo, ndipo mumuyanike padzuwa pamphasa yoyera kufikira atauma gwa. Kenaka mpereni pang'onopang'ono pamphero kuti angosweka pakati, osati kusanduka ufa. Petani m'lichero kuti makoko achoke, ndi kusunga m'chitini chovundikira bwino. Nandolo wotere amapsa pa mphindi 30 kapena 40 zokha, kotero nkhuni ndi makala sizitha zambiri. Ndiponso ndi wofewa m'mimba mwa ana ndi okalamba. Mphodza nazo zimaperedwa chimodzimodzi.

Sambar: chipere cha masamba ndi bwemba

Iyi ndiyo ndiwo yaikulu ya kummwera kwa India. Zofunika pa banja la anthu 5 kapena 6 ndi izi:

Kapu imodzi ya nandolo wopera
Makapu awiri a dzungu, mabiringano kapena therere lobala, zoduladula
Matimati atatu ndi anyezi mmodzi
Zipatso za bwemba zitatu kapena zinayi
Theka la supuni yaing'ono ya ufa wa manjano
Supuni ziwiri zazikulu za mafuta ophikira
Tsabola ndi mchere pang'ono

1. Tsukani nandolo ndi kumuphika m'makapu atatu a madzi pamodzi ndi manjano. Akafewa mtakaseni ndi mthiko kuti asalale.
2. Swani bwemba, muviike m'kapu ya madzi ofunda, mufinye ndi manja osamba bwino, ndi kusefa kuti nthangala zichoke.
3. Mumphika wina phikani dzungu, anyezi ndi matimati m'madzi a bwembawo mpaka zitafewa.
4. Thiranimo nandolo uja ndi mchere, ndipo ziwire pamodzi mphindi 10.
5. Pomaliza tenthetsani mafuta m'chiwaya, muponyemo tsabola ndi theka la supuni yaing'ono ya njere za mpiru. Njerezo zikayamba kuthetheka, khuthulirani zonse mu ndiwo ndi kuvundikira.

Kukazinga zokometsera m'mafuta pang'ono pamapeto ndiko chinsinsi cha maphikidwe a kumeneko, chifukwa fungo limalowa mu ndiwo yonse popanda kuwononga mafuta ambiri. Koma chenjerani: njere za mpiru zikhale zotola m'dimba mwanu. Mbewu za m'mapaketi zogulira kubzala zimakhala zothira mankhwala, ndipo sizidyedwa. Ngati njerezo palibe, adyo kapena anyezi wokazinga akwanira.

Anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene cham'mwamba chimamera paliponse, adule zitheba zake zanthete muutali wa chala ndi kuziphikira m'menemo, monga amachitira ku Tamil Nadu. Masamba ake nawonso athiridwe ndiwo itatsala pang'ono kupsa. Soda musathire, pakuti amawononga mavitamini ena. Eni ake amadyera mpunga, koma sambar amayenda bwino ndi nsima ya mgaiwa, ndi chinangwa kapena mbatata yophika.

Matimati ndi ndiwo zina zamasamba zili ndi vitamini C, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nandolo. Ichi nchofunika kwa amayi oyembekezera, amene kawirikawiri amachepa magazi. Tiyi amatsekereza ayironi ameneyu, choncho musamwere tiyi pa chakudya. Dikirani papite ola limodzi.

Pongal: phala la mpunga ndi mphodza

Chakudya ichi nchotchuka ku Tamil Nadu, kumene ngakhale chikondwerero cha zokolola cha m'mwezi wa Januwale chimatchedwa dzina lomwelo. Tengani kapu imodzi ya mpunga ndi theka la kapu ya mphodza zopera. Mpunga wosweka, umene ndi wotsika mtengo, ndiwo wabwino. Kazingani mphodza m'chiwaya chouma mpaka zitanunkhira, muzitsuke pamodzi ndi mpunga, ndi kuphika m'makapu 5 a madzi kufikira zonse zitaphwanyika. Thiranimo supuni ya mafuta kapena supuni ziwiri za nsinjiro. Akuluakulu angathe kuwonjeza jinja wosinja ndi tsabola. Ngati mphodza palibe, nandolo wopera alowa m'malo.

Ili ndi phala labwino kwa mwana amene wakwanitsa miyezi 6. Mpatulireni lake musanathire tsabola ndi mchere, mulipote bwino, ndipo muwonjeze supuni ya dzungu lophika kapena masamba osinja. Likhale lolimbirapo, losayenderera pasupuni, pakuti phala lamadzimadzi limadzaza mimba koma silikulitsa mwana. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe china chilichonse koma bere lokha, ndipo akayamba kudya apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Pesarattu: chikondamoyo chopyapyala cha mphodza

Ku Andhra Pradesh amadya chimenechi m'mawa. Viikani makapu awiri a mphodza zosasenda ndi dzanja limodzi la mpunga usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, musinje zonse mumtondo woyera pamodzi ndi jinja ndi mchere pang'ono, mukuthira madzi pang'onopang'ono kufikira zitakhala ngati phala. Pakani mafuta pachiwaya chotentha, mutungirepo chipande chimodzi, ndi kumwaza ndi kumbuyo kwa chipandecho kuti chipyapyale. Wazani anyezi pamwamba. Chikafiirira pansi chitembenuzeni.

Sichifuna ufa wa tirigu, shuga, mazira kapena yisiti, ndipo mafuta ake ndi ochepa poyerekeza ndi mandasi. Mwana wa sukulu akadya ziwiri amafika masana osamva njala. Amadyera mtedza wokazinga wosinja pamodzi ndi madzi a bwemba, adyo ndi tsabola. Posankha mtedza tayani wonse wofota, wowawa ndi wochita chuku, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo satha ndi moto.

Rasam: msuzi wa wodwala

Munthu akadwala chimfine kapena akamachira malungo, chilakolako cha chakudya chimachoka. Pamenepo anthu a kummwera kwa India amaphika msuzi wotchedwa rasam. Wiritsani matimati awiri ofinya m'makapu awiri a madzi a bwemba osungunula, muthiremo adyo wosinja, manjano, mchere pang'ono ndi chipande chimodzi cha nandolo wophika kale. Wodwala amwe uli wofunda, kapena authire pa mpunga wofewa. Kuwawasa kwake kumatsegula kukamwa.

Dziwani kuti msuzi umenewu ndi chakudya, si mankhwala. Wotentha thupi apite kuchipatala akayezedwe malungo. Mwana wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS, apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo mupite naye kuchipatala msanga.

Mpunga wa chambiko ndi nsima ya mawere

M'nyengo yotentha amasakaniza mpunga wophika wozizira ndi chambiko, nathiramo mchere pang'ono. Amene muli ndi ng'ombe za mkaka, monga alimi a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, mungathe kukonza chambiko nokha. Yambani mwawiritsa mkaka nthawi zonse, pakuti mkaka wosawiritsa ungathe kufalitsa chifuwa chachikulu ndi matenda ena ochokera ku ng'ombe. Ukazizira n'kutsala wofunda pang'ono, thiranimo supuni ya chambiko chabwino, muvundikire, ndipo ugone usiku umodzi.

Ku Karnataka alimi amaphika ufa wa mawere monga momwe ife timaphikira nsima, naumba mitanda yozungulira imene amaitcha ragi mudde. Amadyera sambar kapena masamba. Kwathu kuno mawere tidawasiyira thobwa ndi mowa, chonsecho ali ndi kashiamu wambiri, wolimbitsa mafupa ndi mano, kuposa chimanga ndi mpunga. Yesani kusakaniza ufa wa mawere ndi mgaiwa pophika nsima kapena phala.

Magulu 6 a zakudya m'mbale imodzi

A zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo kuti tsiku lililonse tizidya kuchokera m'magulu 6: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Onani tsono mbale ya nsima ndi sambar. Nsima ndi chokhutitsa, nandolo ndi wa gulu la nyemba, dzungu ndi cham'mwamba ndi ndiwo zamasamba, ndipo mafuta alimo. Mukawonjeza kapu ya chambiko, dzira kapena usipa pang'ono, ndi kumalizira nthochi, papaya kapena mango, magulu onse akwana popanda kulowa m'sitolo yodula.

Manjano, jinja ndi adyo zimapezeka m'misika ya Limbe, Blantyre ndi Ndirande, ndipo mungathe kubzala nokha kuseri kwa nyumba. Zikasowa musaleke kuphika, pakuti mphamvu ya chakudya ili mu nandolo ndi m'masamba, osati mu zokometsera.

Kumbukirani izi

1. Pokolola, patulani nandolo wa pakhomo musanaitane wogula, ndipo mumsunge pouma, m'chotengera chotseka bwino, kuti asafumbwe.
2. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike ndiponso musanadyetse mwana.
3. Mchere ukhale wa ayodini, koma wochepa. Munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, ndiye kuti supuni yaing'ono yosadzaza, chifukwa mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi.
4. Mpunga ndi nandolo zophika zimasasa msanga kukatentha. Phikani zokwanira nthawi imeneyo. Zotsala zikakhala maola opitirira awiri, mwana asapatsidwe. Akuluakulu azitenthetse mpaka zitawira.
5. Mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti muone m'mene wadyera, ndipo muzipita naye kusikelo mwezi ndi mwezi. Sikelo ikapanda kukwera, kapena mapazi akayamba kutupa, onanani ndi a zaumoyo tsiku lomwelo.

Amayi ndi abambo, m'mera mpoyamba. Mwana akapinimbira m'zaka ziwiri zoyambirira, nkovuta kubweza msinkhu ndi nzeru zimene wataya. Anthu a ku India amalipira sitima zapamadzi kuti nandolo wa ku Phalombe akafike m'mbale za ana awo. Ife tili naye m'munda. Chaka chino gulitsani wotsala, osati woyamba, ndipo mukabwera kusikelo mwezi wamawa mudzauze anzanu m'mene ana adyera.