Matenda a M'mimba ndi Kotulukira Chitosi kwa Abakha Apakhomo

Abakha ambiri amene amawetedwa m'makomo a ku Mangochi, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi mpaka ku Monkey Bay ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ndi a mtundu wa Muscovy, ofiira kumaso aja. Ndi mbalame zopirira: chitopa chikasesa nkhuku m'mudzi, iwo kawirikawiri amatsala. Koma m'mimba mwawo simolimba monga anthu amaganizira, ndipo mavuto ambiri amayambira pa zimene bakha wadya kapena kumwa.

Chizindikiro choyamba ndi zitosi. Bakha wabwinobwino amachita zitosi zamadzimadzi chifukwa amamwa madzi ambiri, ndiye kumeneko sikutsekula m'mimba ayi. Chodetsa nkhawa ndi chitosi cha magazi, chobiriwira pamene bakhayo sanadye msipu, kapena nthenga za kumbuyo zomatana ndi zitosi mwini wake atangoti khuma osafuna chakudya.

Madeya a chuku ndiwo amapha mwakachetechete. Madeya akasungidwa asanaumitsitse, makamaka nthawi ya dzinja, amachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo mwa ziweto zonse za nthenga, ana a abakha ndiwo sachedwa kufa naye. Poizoniyu alibe mankhwala. Madeya onunkha chinyezi kapena oumbika mibulu, mtedza wowola ndi nsima yogonera yosasa, malo ake ndi kudzala.

Kugombe kuli vuto lina. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, matumbo a nsomba ndi usipa wowola wogwa pansi pa mathandala zimachita mphutsi. Muzowolazi mumaswana tizilombo tobweretsa matenda a botulism, ndipo mphutsi zimasenza poizoni wake. Bakha akazidya amafooka miyendo, kenako mapiko, pomaliza khosi limangoti lende. Wotere akasiyidwa pafupi ndi madzi amamira. Ayenera kuikidwa pamthunzi, khosi litatsamizidwa, n'kumamwetsedwa madzi oyera pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Amene sanadye zambiri amatha kudzuka pakapita masiku ochepa. Pamadoko pomweponso abakha amameza mbedza, ulusi wa ukonde ndi zidutswa za majumbo. Ulusi ukaonekera kukamwa kapena kumbuyo sukokedwa, chifukwa ukhoza kucheka matumbo.

Bakha wotsekula m'mimba amapatulidwa kwa anzake n'kuikidwa pouma. Chimene chimamupha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi, choncho amapatsidwa madzi a Thanzi ORS, kapena lita imodzi ya madzi owiritsa yothiramo tisupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Mchere usapitirire pamenepo, pakuti wochuluka umapweteka abakha. Chakudya chikhale madeya abwino onyowetsa, ndipo madzi akhale pafupi m'chiwiya chakuya choti mutu wonse ulowe, popeza bakha amameza chakudya ndi madzi. Mchenga ndi timiyala zimathandiza nthutumba kupera chakudya. Chizolowezi chotsanulira makapisozi a anthu m'madzi a abakha n'chosathandiza: sachotsa poizoni wa chuku, saphanso njoka zam'mimba, zimene zili ndi mankhwala akeake monga piperazine.

Kotulukira chitosi n'komwenso kumatulukira dzira, ndipo kukatsekeka bakha sakhalitsa. Mwa ana a abakha, zitosi zimatha kuumira pakhomopo. Zimafewetsedwa ndi kansalu konyika m'madzi ofunda, osati kuzimatula zili zouma, kenako pamapakidwa Vaseline pang'ono ndipo kamwanako kamaumitsidwa kasanabwerere kwa make. Bakha wamkazi amene dzira lamukakamira amayenda chotang'adza, mchira uli pansi, n'kumadzikankha popanda chotuluka. Amakhazikidwa m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 15 mpaka 20, pakhomo n'kupakapo mafuta ophikira, kenako amasiyidwa m'chipinda chamdima. Kufinya mimba n'koopsa chifukwa dzira likaphwanyikira m'kati limabaya. Vutoli limakonda abakha osowa kashiamu, yemwe amapezeka m'zigoba za mazira ndi za nkhono zokazinga n'kusinja.

Nthawi zina nyama yofiira ya m'kati imatuluka n'kulendewera kunja. Imatsukidwa ndi madzi ofunda, n'kuwazidwa shuga kuti iphwe, kenako imabwezeredwa mofatsa ndi chala choyera chopaka mafuta. Bakhayo amakhala yekha pamdima masiku angapo kuti aleke kuikira, ndiponso kuti ntchentche zisaikirepo mazira. Aamuna akachuluka m'khola amavulaza aakazi pokwerana. Mmodzi amakwanira aakazi 4 kapena 5.

Chithandizo cha pakhomo chili ndi malire. Nyama yotuluka ikada, kapena ikamatulukanso nthawi iliyonse ikabwezeredwa, kuchira n'kovuta. Abakha angapo akafa motsatizana, nkhaniyo ndi ya mlangizi wa ziweto, amene amapezeka kumaofesi a zaulimi monga ku Nasenga, Lungwena ndi Nankumba, chifukwa imfa zotere zikhoza kukhala za mliri monga chimfine cha mbalame. Bakha wofa yekha sadyedwa, saponyedwanso m'nyanja kapena mu Shire. Amakwiriridwa m'dzenje lakuya kapena kuwotchedwa.