Cilungulira ndi Zilonda za M'mimba: Samalani Pomwa Mankhwala

Mwezi watha anatibweretsera kucipatala bambo ena a ku Bwacha ali lefu, zikhato ndi maso zitayera. Akazi awo anatiuza kuti bambowo anali kumwa mapilisi a ululu wa msana tsiku ndi tsiku, ndipo m'mimba mukatentha anali kugula magnesium trisilicate pa kantemba. Anacita zimenezi miyezi 6. Cimbudzi cao cinada sabata yathunthu, koma sanadandaule popeza ululu unali kuleka akatafuna piritsi. Cilonda cinali kukha magazi m'kati. Tinawaika magazi ndipo anapulumuka.

Owerenga okondedwa, mankhwala ocepetsa asidi ndi abwino, koma angabise matenda amene akukula.

Cimacitika n'ciani?

M'mimba mwathu muli asidi wogaya cakudya. Asidiyo akabwerera kukhosi timamva kutentha pacifuwa. Cimeneco ndico cilungulira. Akadya khungu la m'kati mwa mimba pamabuka cilonda. Zilonda zambiri zimayamba ndi zinthu ziwiri. Coyamba ndi kacilombo ka Helicobacter pylori, kamene madokotala a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakatulukira mu 1982. Caciwiri ndi mapilisi a ululu monga aspirin, ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin. Mowa ndi fodya zimacedwetsa cilonda kupola.

Kamwedwe kake

Magnesium trisilicate amathandiza msanga koma mphamvu yake sikhalitsa. Tafunani bwino piritsi mutadya kapena pogona. Sapoletsa cilonda.

Omeprazole amacepetsa asidi amene mimba ipanga. Mezani kapisozi wa 20 mg wosatafuna, m'mawa, mphindi 30 musanadye. Musayembekeze kucira ola lomwelo, cifukwa mphamvu yake yonse imaoneka pakapita masiku angapo. Ngati mwagula nokha, musapitirire masiku 14. Mukaona kuti vuto likadalipo kapena labweranso, pitani kukliniki. Kumwa omeprazole zaka zambiri popanda acipatala kukuonani kungafooketse mafupa ndi kucepetsa vitamini B12 m'thupi.

Ranitidine anacotsedwa pamsika m'maiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi msanganizo wokhoza kuyambitsa khansa. Ngati muli nayo m'nyumba, musamwe.

Kacilombo kaja kakapezeka popima cimbudzi, omeprazole yekha sakwanira. Timapereka pamodzi ndi ma antibayotiki awiri, kawiri-kawiri kwa masiku 14. Tsirizani onse ngakhale mwamva bwino pa tsiku lacitatu. Ngati mwapatsidwa Flagyl, mowa usayandikire pakamwa panu.

Inu amene mukumwa mankhwala ena

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa abale athu amene ali pa ma ARV. Magnesium trisilicate amagwira dolutegravir, amene ali mu TLD, kuti asalowe bwino m'magazi. Imwani ARV maola 2 musanatafune piritsi la asidi, kapena dikirani maola 6 mutalitafuna. Amene akumwa atazanavir asamwe omeprazole asanafunse ku kliniki yao. Magnesium trisilicate amafooketsanso doxycycline, ciprofloxacin ndi mapilisi oonjezera magazi amene amai apakati amalandira ku sikelo. Odwala impso afunse coyamba.

Ena amasungunula soda wophikira therere n'kumwa. Soda ali ndi mcere wambiri, ndipo ndi woopsa kwa odwala BP ndi mtima. Mkaka umaziziritsa kanthawi cabe.

Thamangirani kucipatala mukaona izi:

1. Cimbudzi cakuda bii ngati phula la pamseu.
2. Kusanza magazi kapena zakuda zonga khofi.
3. Cakudya kukakamira pomeza.
4. Kuonda popanda cifukwa, kapena kusanza kosaleka.
5. Ululu waukulu wadzidzidzi, mimba itauma gwa.
6. Kupweteka pacifuwa kofika kudzanja kapena kucibwano, thukuta lili kamu-kamu. Umenewo ungakhale mtima.

Kuno ku Kabwe tikumbukirenso kuti si ululu wonse wa m'mimba umene uli wa asidi. Mtovu wotsala ku mgodi umene unatsekedwa mu 1994 umapweteketsa m'mimba, makamaka ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mwana wotere afunika kupimidwa magazi. Musampatse mapilisi anu.

Zocita kunyumba

Idyani nsima pang'ono pang'ono, ndipo papite maola 3 musanagone. Kwezani bedi kumutu ndi njerwa. Cepetsani zamafuta, tsabola, khofi ndi mowa, ndipo lekani fodya. Pa ululu wa mutu kapena msana imwani paracetamol. Gulani mankhwala m'sitolo yololedwa ndi ZAMRA, ndipo pobwera kwa ife nyamulani mapepala a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale a pa kantemba. Sitidzakukalipirani. Tifuna cabe kudziwa cimene calowa m'mimba mwanu.