Magemu onyozedwa

Magemu onyozedwa ndi masewera a pa kompyuta, pa foni kapena pa makina monga PlayStation, amene akatswiri owunika magemu anawapatsa malikisi ochepa, kapena amene osewera ambiri anadandaula nawo, koma pali anthu ena amene amawakonda ndipo amawasewerabe. Ena amawakonda chifukwa zolakwika zake zimaseketsa, ena chifukwa anakula nawo, pomwe ena amaona kuti owunikawo sanawaweruze bwino. Ku Japan magemu otere ali ndi dzina lawolawo, kusoge, lomwe limachokera ku mawu otanthauza ndowe, ndipo kuli anthu amene amachita kuwafunafuna. M'madera akumidzi a ku Malawi, monga ku Midzemba m'boma la Neno, nkhaniyi imaoneka mwa mtundu wina, chifukwa gemu imene munthu amasewera nthawi zambiri ndi imene foni yake ingakwanitse, osati imene inapambana pa malikisi.

Mmene gemu imadziwikira kuti ndi yoipa

Gemu ikangotuluka, magazini ndi masamba a pa intaneti monga IGN ndi GameSpot amaisewera n'kulemba maganizo awo, ndipo ambiri amapereka malikisi pa 10 kapena pa 100. Tsamba la Metacritic, lomwe linayamba mu 2001, limasonkhanitsa malikisi amenewa n'kutulutsa nambala imodzi. Nambalayi ili ndi mphamvu pa malonda ngakhalenso pa malipiro a opanga magemu. Kampani ya Obsidian, yomwe inapanga Fallout: New Vegas mu 2010, inaphonya ndalama ya bonasi chifukwa gemuyo inapeza 84 pomwe mgwirizano unkafuna 85.

Osewera wamba nawonso amaponya maganizo awo pa Metacritic ndi pa Steam, msika waukulu wa magemu a pa kompyuta. Apa pamachitika nthawi zina kuti anthu okwiya ndi kampani amagwirizana kupereka ziro kwa gemu imene sanaisewere n'komwe. Izi zitachitikira The Last of Us Part II mu 2020, Metacritic inakhazikitsa lamulo loti osewera azidikira maola 36 gemu itatuluka asanaipatse malikisi. Choncho gemu yonyozedwa ikhoza kukhala yowonongekadi, kapena yabwino koma yokwiyitsa gulu lina la anthu, kapenanso yachilendo kwambiri kwa anthu a nthawi yake.

Zitsanzo zodziwika

Gemu imene imatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi E.T. the Extra-Terrestrial, imene kampani ya Atari inatulutsa mu Disembala 1982. Howard Scott Warshaw anaipanga m'masabata pafupifupi asanu okha kuti ipezeke m'masitolo pa Khirisimasi. Osewera ankangogwera m'maenje ovuta kutulukamo, ndipo makope ambiri anabwezedwa. Mu 1983 Atari inakwirira katundu wake wosagulidwa pa dzala la mzinda wa Alamogordo ku New Mexico. Kwa zaka zambiri anthu ena ankaiyesa nthano chabe, mpaka pa 26 Epulo 2014 pamene dzalalo linakumbidwa ndipo magemuwo anapezekadi. Ena mwa iwo anagulitsidwa pa okushoni n'kubweretsa madola oposa 100,000, ndipo kope limodzi la E.T. linapita kumalo osungira zinthu zakale a Smithsonian.

Big Rigs: Over the Road Racing ya mu 2003 ndi gemu ya mpikisano wa mathiraki imene inapeza 8 pa 100 pa Metacritic. M'kope loyamba, thiraki yopikisana nayo sinkachoka n'komwe poyambira. Thiraki ya wosewera inkadutsa m'nyumba ngati mzukwa, inkakwera phiri lililonse osachepetsa liwiro, ndipo poyenda chafutambuyo liwiro lake linkangokwera popanda malire. Zolakwika zomwezi ndi zimene zinaipangitsa kutchuka, moti anthu amaisewera kuti adzionere okha.

Deadly Premonition, gemu ya Hidetaka Suehiro ya mu 2010, inagawa owunika pawiri. IGN inaipatsa 2 pa 10 pomwe Destructoid inaipatsa 10 pa 10, ndipo inalowa m'buku la Guinness ngati gemu yoopsa imene owunika anasemphana nayo maganizo koposa. Zithunzi zake zinali zachikale ndipo galimoto zake zinali zovuta kuyendetsa, koma okonda gemuyi amatamanda nkhani yake ya wapolisi wofufuza za kuphedwa kwa mtsikana m'tauni yaing'ono, momwe munthu aliyense ali ndi zochita zake kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mu 2020 panatuluka gawo lachiwiri.

Desert Bus inapangidwa mwadala kuti ikhale yotopetsa. Wosewera amayendetsa basi yopanda anthu kuchoka ku Tucson kupita ku Las Vegas kwa maola 8 enieni, basiyo ikukokera kumanja nthawi yonse, ndipo akafika amapeza pointi imodzi. Kuyambira mu 2007 gulu la anthabwala la ku Canada lotchedwa LoadingReadyRun limaisewera chaka ndi chaka kwa masiku angapo osapuma, anthu akuonerera pa intaneti ndi kupereka ndalama zothandizira ana odwala m'zipatala. Ndalama zimene zasonkhanitsidwa motere ndi madola mamiliyoni angapo.

Zifukwa zimene anthu amawakondera

Chifukwa choyamba ndi phwete. Munthu akamira m'khoma kapena galimoto ikauluka yokha, osewera amaseka, makamaka akakhala pagulu. James Rolfe anatchuka pa YouTube kuyambira mu 2006 ndi makanema a Angry Video Game Nerd, momwe amasewera magemu akale oipa uku akulalata, ndipo ambiri anayamba kufuna magemuwo atamuonera.

Chachiwiri ndi chikumbukiro cha ubwana. Mwana amene anali ndi gemu imodzi yokha ankaisewera mpaka kuiloweza, osadziwa kuti kwinakwake inanyozedwa. Makina otchipa otengera Famicom ya Nintendo, amene anafala m'mayiko ambiri a mu Africa, ankabwera ndi makatiriji olembedwa kuti muli magemu masauzande, pomwe munali magemu ochepa obwerezedwabwerezedwa. Amene anakula nawo amawakumbukirabe mwachikondi.

Chachitatu ndi kusiyana kwa muyezo. Wowunika amasewera magemu ambirimbiri pa chaka pa makina amphamvu, ndipo amayerekeza gemu iliyonse ndi zabwino koposa za chaka chimenecho. Amaganiziranso mtengo wa gemu yatsopano, womwe kwa zaka zambiri unali madola 60 ndipo kuyambira mu 2020 unayamba kufika pa 70. Munthu amene wapeza gemu yomweyo patapita zaka zisanu, mwaulere kapena pa mtengo wochepa, alibe chifukwa choiyezera pa sikelo imeneyo.

Chachinayi n'choti zimene wina amaziona ngati chilema, wina amaziona ngati mtima wa gemuyo. Far Cry 2, imene Ubisoft Montreal inatulutsa mu 2008, imachitikira m'dziko la mu Africa losatchulidwa dzina, ndipo opanga ake anapita ku Kenya kukaona malo asanaipange. Wosewera amayamba gemu akudwala malungo, ndipo nthawi ndi nthawi maso amachita chidima mpaka atamwa mapiritsi, omwe amathanso n'kufunika kusaka ena. Mfuti zimachita dzimbiri ndi kukana kulira pakati pa nkhondo. Owunika anaipatsa malikisi abwino, koma osewera ambiri anatopa ndi malungowo, ndipo magemu otsatira a Far Cry anawachotsa. Patapita zaka, ena anayamba kuitamanda chifukwa cha zomwezo, ponena kuti imaonetsa munthu wofooka amene mapulani ake amasokonekera monga zimakhalira m'moyo weniweni.

Magemu a mpira

Magemu a mpira ndi amene amaonetsa bwino kusiyana kwa mbiri ya gemu ndi kuchuluka kwa oisewera. FIFA, yomwe kuyambira mu 2023 imatchedwa EA Sports FC, imadzudzulidwa chaka chilichonse kuti ndi gemu yomweyo yongosintha mayina a osewera ndi mayunifomu. Mu 2020 wowunika wa IGN, Simon Cardy, anakopera ndemanga yake ya chaka chapitacho n'kuiika ngati ndemanga ya FIFA 21 ya pa Nintendo Switch, ponena kuti akungochita zimene kampaniyo inachita, ndipo anaipatsa 2 pa 10.

Kampani ya Konami inasintha dzina la Pro Evolution Soccer, yodziwika kuti PES, kukhala eFootball, ndipo inatulutsa eFootball 2022 pa 30 Seputembala 2021 ngati gemu yaulere. Nkhope za Lionel Messi ndi Cristiano Ronaldo zinkaoneka zopindika, osewera ankathamanga mikono ili kumbuyo, ndipo matimu osankha anali ochepa. M'masiku ochepa inakhala gemu ya mbiri yoipa koposa pa Steam. Konami inapepesa, ndipo mu Epulo 2022 inatulutsa kope lokonzedwa. Ngakhale zinali choncho, eFootball ya pa foni ikuseweredwa ndi anthu mamiliyoni ambiri, chifukwa ndi yaulere ndipo anthu awiri akhoza kupikisana. Pa gemu ya mpira, chokoma chachikulu ndi mnzako amene wakhala pambali pako, ndipo zimenezi malikisi a wowunika sangaziyeze.

Ku Malawi

Midzemba ndi dera la kumunsi kwa boma la Neno, lomwe linapatulidwa ku boma la Mwanza mu 2003 ndipo linali ndi anthu 138,291 pa kalembera wa mu 2018. Malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani ali pa mtsinje wa Shire, m'malire a bomali, koma kalembera yemweyo anapeza kuti m'dziko lonse ndi mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse amene ankawunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'tauni. M'madera otere foni imatchajidwa pa sola kapena pa malo olipira, ndipo bando ya Airtel kapena TNM imagulidwa mowerengera. Gemu yabwino imakhala imene ndi yaing'ono, yosafuna intaneti, yosamaliza batire msanga, ndiponso yotheka kutumizirana pa Bluetooth, SHAREit kapena Xender. Gemu yotamandidwa ku London kapena ku Tokyo, yofuna magigabaiti makumi angapo, ilibe ntchito pa foni ya itel kapena Tecno yotsika mtengo. Apa ndi pomwe pamakwanira mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

M'matauni ndi m'misika ikuluikulu ya m'dzikoli muli tinyumba ta magemu, momwe anyamata amalipira pa gemu iliyonse ya mpira, ena akuonerera ndi kudikira kuti wogonja apereke mpata. Makina ambiri amakhala ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo PlayStation 2, yomwe inatuluka mu 2000, inakhalitsa m'malo otere patapita nthawi yaitali italowedwa m'malo kunja. Pa foni, pulogalamu ya PPSSPP, imene Henrik Rydgård anayambitsa mu 2012, imatheketsa kusewera magemu a PSP. PES yomaliza ya pa PSP inali PES 2014, choncho makope amene amayenda ndi mayina a zaka zaposachedwa ndi magemu akale amene anthu wamba anawasintha mayina a osewera ndi mayunifomu. Makope amenewa sawunikidwa ndi magazini iliyonse ndipo kampani siiwavomereza, koma amaseweredwa kwambiri. PES imalolanso wosewera kusintha mayina ndi mitundu ya matimu, zomwe zimapereka mwayi wopanga Nyasa Big Bullets ndi Mighty Wanderers n'kusewera ndime ya Maule ndi Manoma pa sikirini.

Magemu amene anakonzedwa pambuyo pake

Masiku ano gemu ikhoza kusinthidwa kudzera pa intaneti itagulitsidwa kale, kotero mbiri yake ya tsiku loyamba siikhala yomaliza. No Man's Sky ya Hello Games inatuluka mu Ogasiti 2016 ilibe zambiri zimene zinalonjezedwa, ndipo ogula anakwiya kwambiri. Kampaniyo inakhala ikuwonjezera zinthu mwaulere kwa zaka, ndipo pofika mu 2024 ndemanga zake zonse pa Steam zinafika pa mlingo wabwino kwambiri. Cyberpunk 2077 ya CD Projekt Red inatuluka pa 10 Disembala 2020 ili ndi zolakwika zambiri pa PlayStation 4, moti Sony inaichotsa pa msika wake n'kubweza ndalama kwa ogula. Inabwereranso mu Juni 2021, ndipo gawo lake lowonjezera la Phantom Liberty la mu 2023 linatamandidwa. Mwayi umenewu umafikira amene ali ndi intaneti yokwanira kukopera zokonzazo. Amene alibe amatsala ndi gemu monga momwe inalili pa chimbale.

Zimene otsutsa amanena

Si onse amagwirizana ndi khalidwe lokonda magemu onyozedwa. Ena amati kugula gemu yosamalizidwa kumalimbikitsa makampani kupitiriza kugulitsa zinthu zowonongeka, podziwa kuti ndalama zilowabe. Ena amasiyanitsa gemu yoipa mwangozi, imene opanga ake anayesetsa koma nthawi kapena ndalama zinawathera, ndi gemu yopangidwa kuti izingodya ndalama. Magemu ambiri aulere a pa foni amadzudzulidwa chifukwa cha zotsatsa malonda zosatha ndi mabokosi olipira amene wogula sadziwa chimene chili mkati, ndipo mu 2018 dziko la Belgium linagamula kuti mabokosi otere ndi juga. Kwa wosewera amene bando yake ndi ya tsiku limodzi, zotsatsa malondazo zimadya ndalama yeniyeni.

Palinso nkhawa ya makolo ndi aphunzitsi pa ana amene amajomba kusukulu kapena kuwononga ndalama m'tinyumba ta magemu. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti kusewera magemu mosadziletsa, mpaka kusokoneza sukulu, ntchito kapena banja kwa nthawi yaitali, kulowe pa mndandanda wa matenda. Vutoli silitengera malikisi a gemu, pakuti limapezeka pa magemu otamandidwa ndi onyozedwa omwe.