Mukadina Enter, mwayankha chiyani?

Foni ya Android imene ili m'thumba mwanuyo imayendera Linux, pulogalamu imene Linus Torvalds anayamba kulemba ku Finland mu 1991. Munthu akafuna kudzimangira yekha kernel ya Linux, yomwe ndi mtima wa kompyuta, angathe kulemba make config. Apa kompyuta imayamba kumupanikiza ndi mafunso masauzande, limodzilimodzi, ndipo ambiri amathera ndi zilembo ngati izi: [N/m/y/?].

Tiyeni tizimasulire. Y akutanthauza "inde, ikamo". N ndi "ayi, siya". M ndi "konza koma uike pambali, chidzalowe chikafunika". Mukalemba ?, kompyuta imafotokoza zimene funsolo likunena.

Msampha uli pa chilembo chachikulu. Chimenechi ndi yankho limene kompyuta imatenga mukangodina Enter osalemba kanthu. Ndiye pa [N/m/y/?], Enter ndi "ayi"! Ambiri amayesa kuti Enter ndi kuvomera, basi n'kumangodinadina kuti athane nazo msanga.

Tsono tiyerekeze kuti funso limodzi linali la driver ya disiki yanu, inu n'kudina Enter pa N wamkulu. Kernel yatsopanoyo siidzaona disiki. Poyatsa kompyuta, idzangoima ndi uthenga wakuti "kernel panic".

Choncho musanadine, yang'anani chilembo chachikulu. Funso likakuzunguzani mutu, lembani ? muwerenge kaye. Ndipo kernel yakale musaichotse mpaka yatsopanoyo itayaka bwinobwino. Pajatu kuthamanga si kufika.