Mmene Mungawerengere Datasheet ya Valavu

Kale wailesi ndi ampulifaya zinkagwira ntchito ndi mavalavu, mpaka pamene transistor, yomwe idapangidwa mu 1947 ku Bell Labs ku America, idayamba kuwalanda malo. Valavu ndi kabotolo kagalasi kochotsedwa mpweya, kooneka ngati babu, kamene kamafiira pang'ono kakatentha. Ku America amati tube. M'mafoni athu mulibe zimenezi, koma oimba gitala ambiri amakondabe ampulifaya ya mavalavu, ndipo makampani monga Fender, Marshall ndi Vox akuzipangabe. Ine ndidaiona koyamba patchuthi kwa amalume anga okonza mawailesi. Nditawafunsa kuti amadziwa bwanji resistor yoyenera kuika, adangonditambasulira pepala lodzaza manambala ndi mizere yokhotakhota, nati, "Tawerenga apa, mphwanga." Pepalalo ndilo datasheet, ndipo amalemba ndi kampani yopanga valavuyo.

Titenge valavu yotchuka ya 12AX7, imene ku Ulaya amailemba kuti ECC83. M'botolo limodzi muli mavalavu awiri ofanana, ndipo iliyonse ili ndi ziwalo zitatu. Cathode ikatenthedwa ndi kawaya kotchedwa heater imatulutsa maelekitironi. Plate imawakoka. Pakati pa ziwirizi pali grid, imene ili ngati mpopi: mukaikhotetsa pang'ono, magetsi odutsa amasintha kwambiri. Mawu ofooka ochokera ku gitala amalowera pa grid ndi kutulukira pa plate atakula.

Choyamba papepalapo ndi chithunzi cha miyendo 9 ya valavu. Apa ndidalakwitsa tsiku loyamba, chifukwa chithunzicho amachijambula ngati mukuyang'ana valavu chakunsi, osati chakumwamba. Mumayambira pampata waukulu n'kumawerenga motsata muvi wa wotchi. Heater imafuna 12.6 V ndi 150 mA, kapena 6.3 V ndi 300 mA, malinga ndi mmene mwalumikizira miyendo 4, 5 ndi 9.

Kenako pamabwera magulu awiri a manambala amene anthu amakonda kuwasokoneza. Gulu lolembedwa kuti maximum ratings ndi malire osayenera kudumphidwa. Pa 12AX7 plate isapitirire pafupifupi 300 V, ndipo kutentha kumene ingapirire ndi pafupifupi 1 W. Gulu la typical operation ndi chitsanzo chabe cha malo amodzi amene kampani idayeserapo: plate ili pa 250 V, grid pa -2 V, magetsi odutsa 1.2 mA. Mukachulukitsa 250 V ndi 0.0012 A mupeza 0.3 W, kutali ndithu ndi malire. Koma pa EL84, valavu imene imapereka mphamvu ku sipika mu Vox AC30, chitsanzo cha kampani ndi 250 V ndi 48 mA, zomwe zimapereka 12 W, ndipo malire ake ndi 12 W yomweyo. Mukawonjezerapo, plate imafiira ngati khala ndipo valavu imafa msanga. Mavalavu sapezeka pa golosale iliyonse, choncho samuyi muzichita musanayatse.

Nambala imene idandinyenga kwambiri ndi 100, yolembedwa pa amplification factor. Ndinkaganiza kuti valavuyi imakuza mawu ka 100. Ayi ndithu. Valavu ili ndi kukana magetsi kwakekwake mkati, kumene papepala kwalembedwa kuti plate resistance, ndipo pa 12AX7 ndi 62,500 ohms. Kukuzako kumagawanika pakati pa kukana kwa mkatiku ndi resistor imene inuyo mwaika pa plate. Mukaika ya 100,000 ohms, samu yake ndi 100 kuchulukitsa ndi 100,000, kugawa ndi 162,500. Yankho ndi pafupifupi 61. Izi zimatheka ngati pa cathode mwaikapo capacitor. Popanda iyo nambalayi imatsikanso. Nambala 100 ija ndi denga losafikika.

Gawo limene ndimalikonda ndi galafu ya kumapeto. Chopingasa pali volts za pa plate, chokwera pali mA, ndipo mzere wokhota uliwonse ukuimira volts za pa grid: 0, -0.5, -1, -1.5, n'kumatsika choncho. Mizereyi ikusonyeza zonse zimene valavu ingachite, koma siyikusankhirani. Mumasankha nokha pojambulapo mzere wowongoka wotchedwa load line. Tinene kuti magetsi anu ndi 300 V ndipo resistor ndi 100,000 ohms ija. Ngati valavu sikudutsa magetsi alionse, plate ikhala pa 300 V. Ikani kadontho pamenepo. Ngati ikudutsa onse amene resistor ingalole, lamulo la Ohm likuti 300 kugawa ndi 100,000, kutanthauza 3 mA pa 0 V. Ikani kadontho kachiwiri, mulumikize ndi rula. Valavu yanu sidzachoka pamzere umenewu.

Tsopano sankhani pokhala pake pamene palibe mawu olowa. Mzere wa -1.5 V umakumana ndi load line pafupi ndi 200 V ndi 1 mA, chapakatikati, pomwe mawu ali ndi mpata wokwera ndi wotsika osaphwanyika. Gawani 1.5 V ndi 0.001 A: mwapeza 1,500 ohms, resistor ya pa cathode. N'chifukwa chake 100k ndi 1.5k zimapezeka limodzi m'maampulifaya ambiri a Fender. Monga wophunzira zauphunzitsi, ndimaona kuti phunziro la magalafu a mizere yowongoka, lija tinkaboweka nalo ku sekondale, lingamveke bwino ana ataona pepala lotere.

Pali chinthu chimodzi chimene datasheet siinena mokuwa. Volts za m'kati mwa ampulifaya ya mavalavu zimaposa 230 V ya m'nyumba zathu, ndipo ma capacitor ake akuluakulu amasunga magetsi ngakhale mwazimitsa ndi kuzula pulagi. Angathe kupha munthu. Amalume sadandilole kugwira mkatimo. Adayamba aphwetsa ma capacitor kudzera mu resistor, n'kuyesa ndi mita kufikira itaonetsa ziro, dzanja lina lili m'thumba.